Ndani Anawombera J.R.? Chilapi cha pa Kanema ndi Oyankha Ake

Pa 21 Malichi 1980 wailesi yakanema ya CBS ku America inaonetsa gawo lotsiriza la nyengo imeneyo la sewero lotchedwa Dallas. Sewerolo linali la banja la Ewing, eni zitsime za mafuta ndi ng'ombe ku Texas, ndipo msanamira ya nkhani yonse anali mwana wachisamba, J.R. Ewing, munthu wonyenga ndi wouma mtima, amene Larry Hagman ankasewera. Pakutha pa gawolo J.R. ali yekha mu ofesi usiku, anamva kaphokoso, natuluka kukasuzumira, ndipo mfuti inalira kawiri. Iye anagwa, wowomberayo osaoneka. Oonera anadikira miyezi 8 kuti amve yankho, pakuti Hagman anayamba wakangana ndi eni sewero za malipiro ake, ndiponso ochita masewero ku Hollywood ananyanyala ntchito.

Tsono chimene chiyenera kutikhudza ife ophunzira nthano ndi zilapi ndicho zimene anthu anachita m'miyezi yodikirayo. Sanakhale chete ayi. Ku Britain nyumba za juga zinalandira ndalama za anthu openekera dzina la wowombera. Ena anavala malaya olembedwa kuti wowomberayo ndi iwo amene. Ndipo popeza ku America chinali chaka cha chisankho, a chipani cha Republican anapanga timabaji tonamizira a Democrat. Aliyense anali ndi woganiziridwa wake. Ena anati ndi Sue Ellen, mkazi wa J.R., amene mwamunayo anamzunza kufikira anasanduka chidakwa. Ena analoza Cliff Barnes, mdani wa banjalo chifukwa cha chidani chochokera kwa makolo. Enanso anatchula Vaughn Leland wa ku banki, amene J.R. anamtayitsa chuma pomgulitsa zitsime za mafuta za ku Asia. Koma ganizo londikondweretsa koposa ndilo la iwo amene anatchula Dusty Farlow, chibwenzi cha Sue Ellen, amene sewero linanena kuti anafa pa ngozi ya ndege. Anthu ameneŵa anakana maliro a munthu amene olemba akanamfunanso, ndipo pa ichi analondola, pakuti pambuyo pake Dusty anaonekadi ali moyo, ngakhale mfutiyo sanaigwire.

Mukasanthula maganizo onseŵa mudzaona kuti aima pa mwendo umodzi wokha: wakutiyu anali ndi chifukwa chodana ndi J.R. Koma ndani analibe chifukwa? Olemba anaunjika adani m'gawo lotsirizalo monga nkhuni pa moto, osasiya phazi kapena chizindikiro chosiyanitsa mmodzi ndi anzake. Apa mpamene ndiyesa kuti sewerolo linalakwira oonera ake. Chilapi cha kwathu chili ndi lamulo lake. Wina akaponya chilapi cha nyumba yopanda khomo, yankho lili kale m'mawu akewo, ndipo mwana akamva kuti ndi dzira amadziguguda, poona kuti akanatha kulipeza yekha. Chilapi cha Dallas sichinali chotero. Eni sewero, pofuna kusunga chinsinsi, anajambula ochita sewero angapo aliyense akuwombera mfutiyo, ngakhale Hagman mwini wake. Ngati dzanja lililonse likanakwanira pa mfutiyo, ndiye kuti openekera sanali kutsata mapazi, anali kungoponya maere.

Inu amene posachedwa mudzaima patsogolo pa ana, njira imeneyi mudzaigwiritsa ntchito ndithu, pakuti kuimitsa nthano pakati ndi kufunsa chimene chidzatsatira kumadzutsa ngakhale mwana wogona kumbuyo. Koma muyambe mwaona ngati nthanoyo ili ndi mapazi otsatika; ndipo mwana akatchula dzina, mumfunse mawu a m'nthanomo amene amtsogolera kumeneko.

Yankho linafika pa 21 Novembala 1980, anthu pafupifupi 83 miliyoni akuonera ku America kokha. Wowombera anali Kristin Shepard, mng'ono wake wa Sue Ellen, mlamu wa J.R. amenenso anali chibwenzi chake. Mary Crosby ndiye ankasewera mbali imeneyi. Kunena zoona, yankholi linachepera funso. Olemba anasankha munthu amene sewero likanatha kuyenda popanda iye, ndipo mlandu anauzimitsa msanga: Kristin ananena kuti ali ndi pakati pa J.R., ndipo J.R., poopa manyazi, anangomchotsa mu mzindamo osampereka ku bwalo. Openekera aja anaganiza mozama za chidani ndi nsanje za anthu a m'sewero kuposa mmene eni ake anaganizira. Komabe olembawo anaona kuti msamphawo wakola, nautcheranso. Nyengo yotsatira inatha mu 1981 ndi mtembo wa mkazi wosadziwika ukuyandama m'dziwe losambiramo pa nyumba ya a Ewing ku Southfork, ndipo sewero litayambanso kunapezeka kuti mtembowo unali wa Kristin yemwe uja.