Kukonzanso Bokosi la Galamafoni Yakale

Galamafoni yopukusa ndi dzanja ili ndi mbali ziwiri zimene zimakalamba mosiyana. Zitsulo zake, monga sipuling'i ndi mkono wonyamula singano, zimachita dzimbiri, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Bokosi lamatabwa lili ndi nthenda zakezake: limafumbwa, limamatuka m'makona, limada ndi mwaye, ndipo polishi wake amang'aluka. Bokosili ndilo limafika m'manja mwa kalipentala, ndipo magalamafoni ambiri akale amawonongekera pamenepa chifukwa cha changu chofuna kuti chinthu chioneke ngati chogula dzulo.

M'midzi ya kwa Kasakula ku Ntchisi, monganso m'mapiri a Dowa, galamafoni inkabwera ndi anthu ochokera kolembedwa ntchito. Amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kapena ku Southern Rhodesia, ankabwerako ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, ndipo amene zinamuyendera ankasenzanso galamafoni ndi mbale zake. Mbale zambiri zinali za kampani imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926. Magalamafoni ambiri anali a His Master's Voice ndi Columbia, makampani a ku Britain amene anaphatikizana mu 1931 n'kukhala EMI. Pamene boma la Malawi linkaimitsa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku migodi, wailesi inali italanda kale malo a galamafoni. Yotsala lero, yapirira zaka zambiri ili pansi pa bedi kapena pamwamba pa khoma la nyumba ya udzu.

Mabokosi ake ali amitundu iwiri. Wofala ndi uja wonga sutikesi, wa matabwa opyapyala okutidwa ndi nsalu yooneka ngati chikopa. Umenewu sufuna zambiri koma kupukuta ndi kumata nsalu pamene yasendeka. Wovuta ndi wa patebulo, wa mtengo wa oak kapena mahogany, wokhala ndi chivundikiro ndi zitseko ziwiri kutsogolo. Bokosi limeneli si chosungiramo makina chabe. Mkati mwake mwapindidwa lipenga limene limakuza mawu, ndipo zitsekozo ndizo zimachepetsa kapena kuwonjezera phokoso. Thabwa logwedera limanjenjemera limodzi ndi nyimbo, ndipo malo olumikizira lipenga akamataya mpweya mawu amatuluka owonda. Choncho ntchito ya kalipentala pa galamafoni imaweruzidwa ndi khutu komanso ndi diso.

Ntchito imayamba ndi kumasula. Sipuling'i iyenera kusiyidwa kuti izungulire mpaka ithe mphamvu, kenako makina onse amatulutsidwa pamodzi ndi thabwa lawo. Chigubu cha sipuling'i sichitsegulidwa ndi munthu wosachidziwa, chifukwa chitsulocho chikafwamphuka chimatema zala. Masikuluwu, mahinjesi ndi tizikho ta singano zimasungidwa padera, chilichonse ndi chizindikiro cha pamene chinachokera, popeza sikuluwu yakale imakhala bwino m'bowo lake lomwelo.

Kenako mmisiri amafufuza tizilombo. Timabowo takuda tingakhale takalekale, koma pansi pake pakapezeka ufa woyera wa mtengo ndiye kuti zofumbwitsa zikadali moyo. Mankhwala ophera tizilombo ta m'matabwa amalowetsedwa m'bowo lililonse ndi jekeseni. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ambiri amapaka pa mitengo ya denga poopa chiswe, asayandikire n'komwe: amalowerera m'thabwa, ndipo pambuyo pake guluu kapena polishi sagwiranso.

Kumata kumafuna kudziwa guluu amene akale ankagwiritsa ntchito. Anali wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo ubwino wake ndi wakuti amafewanso akakumana ndi kutentha ndi chinyezi. Mabokosi ambiri ali ndi kachikopa ka mtengo wokongola, kosakwana milimita imodzi kuchindikala, komatidwa pamwamba pa thabwa wamba. Kakatukuka, nthawi zambiri zimakwanira kuyalapo kansalu konyowa pang'ono, kudinda ndi simbi yofunda, n'kusanjikapo cholemera usiku wonse. Simbi ikatenthetsa imawotcha polishi, motero dzanja liyenera kuiyesa kaye. Pamene chidutswa chasoweratu, mbawa ndi umene umayandikira mahogany pa mtundu ndi pa mizere, pomwe mlombwa, ngakhale uli mtengo wolemekezeka, mizere yake ndi yolimba kwambiri ndipo chigamba chake chimaonekera patali. Chigamba chimadulidwa motsata kumene mizere ya thabwa lakale ikulowera.

Pa polishi mpamene pagona luso lenileni. Chizolowezi cha m'mashopu a mipando n'kupala ndi sandipepa mpaka mtengo uyere, kenako n'kuthira vanishi wonyezimira wa m'chitini. Pa chitseko chatsopano cha paini palibe cholakwika. Pa galamafoni n'kuwononga. Sandipepa amaboola kachikopa kaja mosayembekezereka, amafafaniza makona akuthwa, ndipo amachotsa mtundu wakuya umene mtengo wautenga m'zaka zambiri, umene utoto uliwonse sungaubwezere. Choipitsitsa n'chakuti mkati mwa chivundikiro cha galamafoni ya His Master's Voice muli chithunzi cha kampani, cha galu wotchedwa Nipper akumvetsera pa lipenga, chimene Francis Barraud anajambula. Chithunzichi n'chomata chopyapyala zedi, ndipo chikapalidwa, bokosilo lataya umboni wa kumene linachokera. Vanishi wamakonoyo nayenso akauma sasungunukanso, kotero wodzakonza m'tsogolo adzayenera kupalanso.

Mmisiri wabwino amayamba ndi kuyeretsa. Zambiri zimene zimaoneka ngati polishi wowonongeka zimangokhala mwaye wa nkhuni, fumbi ndi mafuta a m'manja. Kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi madzi a sopo, kotsatizana ndi kouma nthawi yomweyo, kamachotsa litsiro. Turpentine amachotsa phula lakale. Pansi pake kawirikawiri pamatuluka mtengo wofiirira wosalala umene mwini wake anali asanauonepo.

Akatero amayesa mtundu wa polishi pamalo obisika, monga kumbuyo kwa bokosi, podonthezapo spiriti. Akafewa n'kuyamba kumata chala, ameneyo ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, womwenso unkagwiritsidwa ntchito popanga mbale zozungulira ka 78 pa mphindi. Akapanda kufewa, ndi vanishi kapena polishi wa mtundu wina, ndipo njira ya spiriti siigwira pamenepo. Shellac ali ndi khalidwe limodzi lofunika: amasungunuka mu spiriti ngakhale atakhala zaka zambiri. Polishi wong'aluka ngati matope a padambo mu Okutobala angathe kulumikizidwanso pomupaka spiriti ndi burashi yofewa, kamodzi kokha, osabwerezabwereza, kuti ming'aluyo isungunuke n'kutsekana yokha. Chithunzi cha galu chimalambalalidwa, chifukwa spiriti angachisungunule. Kachasu salowa m'malo mwa spiriti: madzi ake ndi ambiri ndipo amasiya mawanga oyera.

Pamene polishi wathera, amawonjezeredwa ndi kampukutu ka thonje kokulungidwa m'nsalu yoyera yakale yopanda ulusi wosomphoka. Shellac wosungunulidwa amathiridwa m'thonjemo, osati pansalu, kuti azituluka pang'onopang'ono dzanja likamafinya. Kampukutuko kamatera pa thabwa kakuyenda kale, kamazungulirazungulira, n'kunyamuka kakuyendabe. Kakaima, ngakhale kanthawi kochepa, kamamatirira n'kusiya chipsera. Dontho limodzi la mafuta kunsi kwake limathandiza kuti kaziterera. Wodziwa amapaka mopyapyala kambirimbiri, kusiya kuti ziume usiku, n'kubwerezanso, ndipo amalekeza pamene malo atsopano afanana ndi akale, osati pamene bokosi layamba kuwala ngati galasi.

Nyengo ili ndi mawu ake pa ntchitoyi. Shellac wopakidwa m'chinyezi amachita mbuu, motero miyezi ya mvula ndi m'mawa wa nkhungu wa Juni ndi Julayi m'mapiri a Ntchisi si nthawi yake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya ndi wouma, koma fumbi limachuluka, choncho amagwirira m'chipinda chotseka, atawaza madzi pang'ono pansi.

Chomaliza ndi phula la njuchi, limene alimi a njuchi ozungulira nkhalango ya Ntchisi amakhala nalo. Losakaniza ndi utoto pang'ono limatseka timabowo tofumbwa, ndipo losungunulidwa mu turpentine limapakidwa pa bokosi lonse n'kupukutidwa ndi nsalu yofewa. Zipsera zina zimasiyidwa dala: pamene chopukusira chinkakhula m'mbali, pamene zala zinkagwira chivundikiro, ndi dzina la mwini wake ngati analilemba mkati. Makina akabwezeredwa, amayesedwa ndi mbale ndi singano yatsopano, chivundikiro chitatsekedwa, pomvetsera ngati pali thabwa limene likulira. Bokosi lokonzedwalo limasungidwa pamalo okwera, kutali ndi utsi wa kukhitchini, dzuwa la pawindo ndi khoma lonyowa.