Kodi msonkho wa pa Biriwiri ndi maks?

Pali mfundo imene yafala pakati pa amalonda athu kuno ku Ntcheu, ndipo posachedwapa ndaimvanso kwa wophunzira wanga m'kalasi ya fiqh. Akuti msonkho wa kasitomu ndi maks, ndipo poti Mtumiki (SAW) adadzudzula otolera maks, Msilamu wobwera ndi katundu kuchokera ku Mozambique kapena ku Joni angathe kubisa wina, kapena kuchepetsa mitengo pa lisiti, akafika pa chipata cha Biriwiri. Ena obwera ku Hajj amateronso pa bwalo la ndege la Kamuzu, mafoni ogulitsa atawakwirira pansi pa tende.

Hadith ilipodi. Mu Sahih Muslim, pa nkhani ya mayi wa fuko la Ghamid, maks yatchulidwa ngati tchimo lalikulu, ndipo ma ulama adailongosola kuti ndi chuma cholandidwa mopondereza. Koma ofalitsa mfundoyi adalumpha mbiri. Umar (RA) mwini wake adaika anthu m'njira za malonda kuti azitolera ushur: 2.5 pa 100 kwa Msilamu, 5 kwa dhimmi, 10 kwa wochokera ku dziko lopanda pangano ndi Asilamu. Abu Yusuf, yemwe adamwalira mu 182 AH, adazilemba mu Kitab al-Kharaj. Ndivomereze kuti gawo la Msilamu lija lidali zakaat, choncho silifanana ndendende ndi zimene MRA imatolera. Pa msonkho woonjezera pa zakaat ma ulama adasiyana maganizo. Al-Ghazali ndi al-Shatibi adauloleza ngati boma lasowadi chuma ndipo ukutoleredwa mwachilungamo.

Tsono tingoyerekeza kuti msonkho wathu ndi wokwera mopyola muyeso, monga ambiri amadandaulira. Nanga pa kauntala pamachitika zotani? Munthu amasaina fomu yabodza, wina mpaka kulumbira kuti Wallahi, wina kutambasula dzanja ndi kangachepe. Ma ulama amene adalola kubisa chuma ankanena za munthu amene akulandidwa mwankhanza, osati wofuna kukuza phindu. Kutenga chilolezo cha wopanikizidwa n'kuchipereka kwa wamalonda aliyense ndi qiyas yopunduka.

Ndipo wovulala woyamba si boma. Ndi mnzake uja amene adaulula katundu wake yense n'kulipira, yemwe pa msika wa Lizulu nsalu zake zikutsala chifukwa wa benchi yoyandikana naye akugulitsa motchipa.