Funso la a Mandala: thukutali ndi la yani?

Ambiri akamalemba za umphawi wa ku Nsanje amayamba ndi madzi osefukira n'kuthera pomwepo. A Elias Mandala, Mmalawi amene anaphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite ya Rochester ku America, sanakhutire nazo. Iwo ankafuna kudziwa kuti thukuta logwera m'dimba ndi la yani, nanga phindu lake akudya ndani.

Buku lawo la 1990, Work and Control in a Peasant Economy, limalondola mbiri ya chigwa cha kumunsi kwa mtsinje wa Shire kuyambira 1859, chaka chimene Livingstone analowa mu Shire, kufikira 1960. Chondikoka mtima ndi kafunsidwe kawo. Malipoti a atsamunda anawawerenga ndithu, koma sanawameze osatafuna. Anakakhala pansi ndi nkhalamba za Amang'anja ndi Asena n'kumva mbali yawo. Pamene lipoti likungotchula kuchuluka kwa thonje, iwo amafunsa kuti anapalira ndani, anathyola ndani padzuwa lija, ndipo ndalama inathera m'manja mwa mwamuna kapena mkazi, mkulu kapena mnyamata. Ngakhale nthaka sanaione ngati imodzi: ya kumphala yodalira mvula n'njosiyana ndi ya kudimba yodalira chinyezi cha mtsinje. Ndiye pamene Shire anakwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 n'kumiza minda ya thonje, wowerenga amaona bwino amene anatsala ndi polima ndi amene ananyamuka kukasaka ntchito kutali. Mu 2005 analembanso The End of Chidyerano, pomwe kusiyana kwa anthu anakakuyang'ana pa mbale ya nsima, poona amene akudyera limodzi ndi amene watsala kunja.

A Mandala sanali wofufuza za sukulu, koma ine ndimati mphunzitsi aliyense wa kwa Ndamera ku Nsanje ayenera kuwadziwa. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana anadzaza m'makalasi, ndipo a Esme Kadzamira ndi a Pauline Rose anasonyeza mu 2003 kuti ana a osauka ndiwo ankayambabe kusiyira panjira. Chifukwa chake chimamveka ukafunsa monga a Mandala: manja a mwanayu akufunika kuti lero?

Madzi akaphwa kudambo la Ndindi, chimanga ndi mbatata sizidikira belu. Banja lokhala ndi ng'ombe limagulitsa imodzi n'kulemba waganyu, mwana wake n'kukhalabe m'kalasi. Waganyuyo nthawi zina ndi mnzake wa Sitandade 6, amene wapachika yunifolomu pachingwe n'kutenga khasu. M'kaundula wa aphunzitsi amangolembedwa kuti wajomba, ndipo mayeso akafika onse awiri amapatsidwa pepala limodzimodzi.