Mi wa piyano ndi mi wa pakhosi

Piyano imagawa mtunda wochokera pa do kukafika pa do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana ndendende. Akatswiri amati sitepe iliyonse ndi masenti 100, ndiye mi wa piyano amagwera pa 400. Koma anthu atatu akamaimba do, mi, so popanda chida chowatsogolera, wa mi ngati ali ndi khutu labwino amatsikako pang'ono, kufika cha pa 386. Apo mawu ake amanjenjemera kasanu pomwe a do anjenjemera kanayi, kukanganakangana kwa mawu n'kutha, mawu atatu n'kumveka ngati atuluka pakhosi limodzi. Kusiyana kwake ndi masenti 14 basi, koma kukoma konse kwagona pamenepo.

Piyano sinalakwe. Anaichuna choncho kuti izitha kuimba m'kiyi iliyonse. Chodandaulitsa n'choti situdiyo za nyimbo za pop zinasandutsa muyeso wa piyano kukhala lamulo la pakhosi. Auto-Tune, pulogalamu ya Andy Hildebrand ya mu 1997 yomwe inatchuka ndi "Believe" ya Cher mu 1998, ukaisiya mmene imabwerera imakokera noti iliyonse ku batani lapafupi la piyano. Siisiyanitsa wophonya noti ndi wotsitsa dala. Tamverani Aretha Franklin akamazembera pakati pa mabatani awiri, n'kuchedwerapo asanakwere. Kumuwongola pamenepo n'chimodzimodzi kuchotsa mchere m'ndiwo.

Jacob Collier wa ku London anasankha kutsutsa lamuloli poyera. Mu 2016, poimba "In the Bleak Midwinter" mwa njira yakeyake, anakweza nyimbo pang'onopang'ono mpaka kukaiika m'kiyi yapakati pa G ndi G sharp, yomwe pa piyano palibe. Khutu silidodoma n'komwe, poti mawu ake amagwirizana bwinobwino pa sitepe iliyonse. Ndi luso ndithu, ngakhale kwa ine likununkha kudzionetsera, komanso mawu onsewo ndi ake, ojambulidwa amodziamodzi mpaka atakhala bwino.

Amene amandigometsa kwambiri ndi magulu a oimba anayi a barbershop ku America. Noti yomwe piyano imaika pa masenti 1000 iwo amaitsitsira cha pa 969, ali chilili pamaso pa anthu, aliyense akusuntha mawu ake potsata mnzake mpaka pamwamba pawo pamveke kanoti kena komwe palibe akukaimba.