Wonunkha sadzimva

Mwambi uwu ndi wa mawu awiri okha, ndipo timauponya msanga, kawirikawiri amene tikumunenayo atangotuluka pakhomo. Ambiri timaumasulira kuti munthu saona zolakwa zake, n'kusiyira pomwepo. Koma tisanathamangire tanthauzo lobisika, tiyambe taumva monga ulili, pakuti ukunena zoona zenizeni za mphuno.

Mlimi wa ku Chinguluwe watha m'mawa wonse akusosa munda wa thonje, dzuwa la Okutobala la ku Salima likuswa mtengo. Masana akwera minibasi, ndipo pampando womwewo pali mayi wogulitsa usipa, dengu lili pamiyendo, mamba atamatirira pachitenje. Mlimi akuti m'galimoto muno mwadzaza fungo la nsomba. Mayiyo akumva thukuta ndi utsi wa zinyalala zotentha kumunda. Onse awiri akunena zoona, ndipo palibe amene akudzimva. Mphuno idalengedwa choncho: fungo likakhalitsa imaleka kuliuza ubongo, kuti ikhale tcheru ndi lachilendo, monga la moto kapena la ndiwo zosasa. Thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Fungo limabwera tizilombo tosaoneka ta pakhungu tikayamba kudya timadzi tamafuta totuluka m'khwapa.

Chimene ndimachilemekeza pa mwambiwu ndi mneni amene makolo adasankha. Akadatha kunena kuti wonunkha sasamba, ukadakhala mlandu. Adati sadzimva. Munthuyo sakumuimba mlandu wa uve kapena ulesi, akungonena pamene mphuno yake imalekezera. Ndipo mawu oyambawo alibe mtundu, alibe khungu, sanena mwamuna kapena mkazi. Woponya mwambi naye ali momwemo, chifukwa umboni wokhawo umene ali nawo woti iye sanunkha ndi woti sakudzimva.

Mitundu yathunthu imagwa m'mbuna imeneyi. Ku Indonesia, dziko lotentha ndi lachinyezi, kusamba ndi kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kudzithira madzi ozizira ndi kachikho kotungira, ndipo kufunsa mnzako ngati wasamba kale ndi nkhani wamba. Ena amapaka m'khwapa mwala woyera wotchedwa tawas. Kwa munthu woleredwa motero, mlendo wa ku Ulaya wosamba kamodzi n'kudzifayira perefyumu ndi wosasamba basi. Mlendoyo naye akatsika ndege ku Jakarta, chimene chimamulandira ndi utsi wa ndudu za kretek zosakaniza ndi zonunkhiritsa, ndi terasi, chokometsera ndiwo chopangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja tonga nkhanu tovunditsa. Aliyense amapita kwawo akukhulupirira kuti onunkha ndi enawo. Kusiyana kwina kulipo ndithu m'matupi: anthu ambiri a ku Korea, China ndi Japan ali ndi mtundu wina wa jini yotchedwa ABCC11 umene umachepetsa fungo la m'khwapa. Koma zimenezo n'zobadwa nazo, sizikhudzana ndi sopo.

Pali pamene mwambiwu sudafikepo, ndipo mpoopsa: wosadzimvayo akakhala ndi mphamvu. M'buku lake la 1996 lotchedwa Lifebuoy Men, Lux Women, Timothy Burke adalongosola momwe azungu a ku Rhodesia adatchulira anthu akuda kuti ndi auve, ndi momwe sukulu za mishoni ndi otsatsa malonda adaphunzitsira kuti ukhondo ndi sopo wa m'sitolo. Chonsecho anthuwo anali ndi ukhondo wawo: kusamba, kenako kudzola mafuta, ena a nsatsi. Kwa iwo thupi losadzola linali losasamalika. Ife tikudziwa zimenezi, pakuti agogo athu ankadzola nsatsi zomwezo, ndipo mpaka lero mayi salola mwana kupita kusukulu miyendo ili mbuu. Mzungu ankamva nsatsi, osamva batala, nyama ndi fodya za m'thupi mwake, ndipo mphuno yake idasanduka lamulo la amene angalowe m'nyumba ndi amene aime panja.

Komabe mwambiwu sukuti fungo kulibe. Lilipo, ndipo limapweteka. Mwana wa sitandade 7 amene thupi layamba kusintha, kwawo sopo akugula wodula mapisi, mjigo uli kutali, anzake akamuthawa pa desiki amatha kuleka sukulu osadziwa n'komwe chimene walakwa. Ngati sadzimva, ndiye kuti ntchito ili kwa womva. Mawu awiriwa akusiya funso la amene ati amuuze, ndi mauzidwe ake.

Makolo omwe adapeka mwambi adakonzanso njira. Za m'khwapa ndi za kumwezi ankalangiza anamkungwi kuseri, kapena agogo, kapena msuweni amene amatha kunena chilichonse mwanthabwala popanda kukwiyitsa. Ndipo mlendo akafika kuchokera kutali, mayi wa pakhomo sayamba ndi nsima. Amatereka madzi, n'kukaika beseni kubafa ya udzu pamodzi ndi kachidutswa ka sopo ndi mwala wotsukira mapazi, kenako amabwera n'kugwada: "Achimwene, madzi ndaika." Madziwo amapatsidwa kwa mlendo aliyense, woyenda pansi ndi wobwera pagalimoto yemwe, choncho amene amafunikadi kusamba amasamba popanda womuloza chala.