Makaniko amene sathamangira pampu

Injini ya Hilux yangomangidwa kumene: mapisitoni ndi maring'i zonse zatsopano, ndipo mwini galimoto watayirapo ndalama zankhaninkhani. Ikangolizidwa imalira mokoma, koma ikatentha getsi lofiira la oyilo limayamba kuphethira. Apa m'pamene mmisiri weniweni amadziwikira.

Ambiri amafulumira kunena kuti pampu ya oyilo yafa. Ena amathira oyilo wolemera kuti getsi lizime, kumene ndi kubisa matenda basi. Makaniko amene ine ndimamuvulira chipewa sakhulupirira getsilo msanga, poti swichi yake nayo imanama. Amaimasula n'kumangapo geji ya singano, kenako amaima chilili, maso pa singanoyo, kudikira kuti injini itenthe.

Singano ikagona pansi injini idakali yozizira, amakayikira paipi yoyamwa oyilo mu sampu kuti mwina ikukoka mpweya, kapena sefa yake yatsekeka ndi zinyenyeswa za silikoni. Mwinanso valavu yobwezera oyilo yakakamira ili yotsegula. Koma singano ikayambira pamwamba n'kumatsika pamene oyilo akusanduka wamadzimadzi, iye amadziwa kuti mlandu uli pa mabeyaring'i.

Chimene amachimvetsa, chimene anzake ambiri chimawadutsa, n'chakuti pampu imangokankha oyilo. Pulesha imabwera chifukwa oyiloyo akupanikizika potuluka, monga mmene madzi amathamangira ukatsina kukamwa kwa paipi. Mpata wa pakati pa crankshaft ndi beyaring'i umayenera kukhala cha m'ma 0.05 mm. Shafuti ikapalidwa pa makina n'kuchepa ndi 0.25 mm, wina n'kuikapo mabeyaring'i a saizi yoyamba, mpatawo umakula kasanu kapena kuposa, ndipo oyilo amangokhuthuka.

Mumuone akuyeza! Amagwetsa sampu, amachotsa chivundikiro cha beyaring'i, amapukuta shafuti mpaka iume, n'kugonekapo kaulusi ka Plastigauge. Amabwezerapo chivundikiro ndi kumanga mabawuti ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati yongomva m'manja, ndipo shafutiyo saizungulitsa ngakhale pang'ono. Akamasula, kaulusi kaja kaphwatalala. Amakayerekeza ndi mizere ya pa pepala lake: kakatambalala, mpata ndi wochepa, kakakhalabe kowonda, mpata wakula.

Ndiye amatembenuza beyaring'i n'kupukuta kumsana kwake ndi chala. Akapeza palembedwa STD pamene panayenera kukhala 0.25, amayeza shafuti yonse ndi micrometer, malo ndi malo, asanatume mwana wantchito kukagula mabeyaring'i ena.