Kugawana, Kukopera ndi Kusamutsa: Mawu Atatu, Ntchito Zitatu

Chiyambire pamene njira ya USB idatulukira mu 1996 ndi ya Bluetooth mu 1999, kwakhala kosavuta kupititsa zithunzi, nyimbo ndi makalata kuchoka pa foni kupita pa kompyuta. Koma alembi ndi omasulira ambiri akugwiritsa ntchito mneni mmodzi, "kugawana", ponena ntchito zonse zamtunduwu. Mchitidwewu ukusokeretsa owerenga.

M'Chichewa, chinthu chogawana chimachepa. Ana akagawana chinangwa, aliyense amalandira chibenthu. Fayilo siitero: ikapita pa kompyuta imafika yathunthu, ndipo ya pa foni imatsalanso yathunthu. Ntchitoyi ikufanana ndi kupala moto, poti wopalidwa moto sagona mumdima. Mneni woyenera apa ndi "kukopera", umene mwana aliyense wa sukulu amaudziwa: akakopera za pa bolodi, zolembazo sizifufutika.

Ntchito yachiwiri ndi "kusamutsa". Banja likasamuka silipezekanso pamalo akale. Chimodzimodzinso fayilo yosamutsidwa: imachoka pa foni n'kukhala pa kompyuta pokha. Apa m'pamene pagona vuto. Mphunzitsi amene wawerenga malangizo akuti "gawanani mafayilo" sangadziwe ngati malikisi a ophunzira ake ali malo awiri kapena amodzi. Akafufuta zina poganiza kuti ali nazo kwina, ntchito ya chaka chonse ingatayike chifukwa cha mneni wosankhidwa mosasamala.

Cholakwika china n'kusasiyanitsa fayilo ndi pulogalamu. Chithunzi cha JPEG kapena kalata ya PDF imatseguka pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Koma pulogalamu yopangidwira Android siigwira ntchito pa Windows mwa kungoikopera, chifukwa makina awiriwa amayendera malamulo osiyana. Pulogalamu imafunika "kuikidwa", ndipo iyenera kukhala yopangidwira makinawo. Wolemba kuti "koperani pulogalamuyi pa kompyuta yanu" akulonjeza zimene sizingachitike.

Sikuti "kugawana" atayidwe. Ndi woyenera pamene anthu angapo apatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito fayilo imodzi, monga momwe mabanja amagawirana chitsime. Kupatula apo, alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kufunsa funso limodzi asanasankhe mneni: kodi ntchitoyi ikatha, fayilo yoyamba ikhala ili kuti? Ngati yatsala, alembe "kukopera". Ngati yachoka, alembe "kusamutsa".